Bokosi Lopanda Kanthu

Ku Maribor chipale chofewa chakhala chikugwa kuyambira masana,
ndipo ine ndi Matevž tatsala awiri mu ofesi ya pansi pa chipatala,
momwe mapaipi a madzi otentha amalira ngati m'mimba mwa wodwala.
Tikukangana za bokosi limodzi.

Anatipatsa tsamba limodzi lokha.
Munthu wokalamba,
mafayilo ake olemera kuposa khanda,
akwane pa tsamba limodzi
loti dokotala wa ku Graz, amene sanamuonepo,
aliwerenge ali chiimirire, magolovesi ali kale m'manja.

Matevž akuti: pa mzere wa mankhwala amene thupi limakana,
ngati palibe, bokosi likhale lopanda kanthu. Basi.
Amakonda zinthu zaudongo mnyamatayu,
pa desiki pake palibe ngakhale kapu.

Ine ndinagwira unamwino zaka khumi ndi zinayi
ndisanayambe kujambula mabokosi.
Ndikudziwa kuti kupanda kanthu kumasiyana.
Pali pamene tinafunsa, wodwala n'kuyankha kuti ayi.
Pali pamene tinafunsa, iye n'kungoyang'ana kudenga
mawu atamuthawa.
Ndiye pali Lachisanu madzulo,
odwala khumi ndi awiri, namwino mmodzi,
foni ikulira, wina akusanza kuchipinda chomaliza,
pamene palibe anafunsa n'komwe.
Pa sikirini zonsezi zimaoneka chimodzimodzi:
mbee.

Ndikumuuza za a Alojz Vodušek,
mlimi wa mphesa wa kumapiri a Haloze,
amene anabwera ndi chibayo m'nyengo yokolola.
Khadi lawo linali loyera pa mzere umenewo.
Ndinawabaya penisilini ndi dzanja langa lomweli.
Milomo inatupa, kukhosi kunatseka,
tinawabweza ali pakhomo pa imfa.
Mkazi wawo atafika m'mawa, masokosi a ubweya ali m'chikwama,
anati, koma kwathu aliyense amadziwa zimenezi,
ngakhale wansembe.
Aliyense, kupatula pepala.

Matevž wakhala duu, akuzungulitsa cholembera.
Kenako akuti, chabwino, tiike mayankho osankhapo:
alipo, palibe, sizikudziwika, sanafunsidwe.
Ndi tsiku. Ndi dzina la wofunsayo.
Tsamba latalika ndi mizere iwiri,
ndiye china chiyenera kuchoka.

Ntchito imawawira apa.
Tichotse opaleshoni ya ndulu ya kalekale?
Katemera wa kafumbata?
Kapena mzere umene ndinaulimbikira mwezi watha,
wonena amene wodwala amakhala naye kunyumba?
Kompyuta ilibe nambala ya mawu oti
amaopa singano koma savomera,
kapena oti amamva ndi khutu lakumanzere lokha,
muziima mbali imeneyo.
Matenda a shuga ali ndi nambala yake,
yomweyo ku Graz, yomweyo ku Lisbon.
Khutu la a Alojz lilibe.

Tasiya kabokosi pansi penipeni,
zilembo mazana awiri, munthu alembemo zake.
Matevž akukatcha dzala,
akuti m'menemo mudzatayidwa chilichonse
ndipo makina sadzatha kuwerenga.
Sakunama.
Ine sindinakapatse dzina.

Cha m'ma leveni tatumiza chojambula chathu ku komiti.
Chidzabwerera ndi ndemanga makumi anayi, tikudziwa,
ndipo wina wa ku Ljubljana adzafunsa mwaulemu
chifukwa chake mayankho ali anayi
pomwe awiri akanakwana.
Ndidzayankha ndine. Dzina la a Alojz sindidzalitchula,
malamulo salola.

Basi yomaliza yapita kale.
Matevž wakankha njinga yake kulowera kumsika,
ine ndikuwoloka mlatho wa pa Drava wapansi,
manja m'thumba, khutu likuluma ndi mphepo.
Madzulo ano padutsa anthu mazana pano,
ana asukulu, anamwino a shifiti ya masana, agalu ndi eni ake.
Chipale chakwirira mapazi awo onse.
Anga nawonso akufufutika kumbuyo kwanga,
ndipo wodzuka m'mamawa
adzapeza mlatho uli mbee.